Chikuku cha kudenga kwa Anti Flossie

Mukafika ku Handsworth, mumzinda wa Birmingham ku UK, n'kufunsa kwa a Flossie Chimwaza, Mmalawi aliyense akulozerani, ngakhale amene sakuyankhulana nawo mwezi umenewo. Ndi nyumba ya chitseko chobiriwira, kamsewu kena mukapatuka mu Soho Road, imene pazenera la pabalaza sipaoneka katani koma makatoni. Mlendo amayesa mayiwo akusamuka. Sakusamuka ayi. Akhala m'menemo zaka zoposa makumi awiri, ndipo makatoniwo si awo. Eni ake sanabadwe.

Nkhani yake ili motere. Tonse tinakula tikumva kuti mbereko sagula mwana asanabadwe. Kwathu zimenezo sizivuta. Mayi akachira, wina amathamangira kumsika, pofika madzulo mwana ali kale m'chitenje chatsopano. Kuno azamba amayamba kukufunsa mimba ikadali yobisika m'juzi: chikwama mwalongedza? Mwana adzagona pati? Ndipo tsiku lotuluka m'chipatala amafuna aone ndi maso awo kampando komangirira mwana m'galimoto, kamene tonse timangoti car seat. Ukawauza kuti kwathu timayamba tadikira, amakuyang'ana ngati wanena kuti mwanayo udzamunyamulira m'jumbo. Ndiye munthu umatsala pakati. Uku mzamba, uku amayi ako pa foni kuchokera ku Dedza, akulumbira kuti ukalowetsa thewera ngakhale limodzi m'nyumba usadzawalirire.

Amene anatipezera njira ndi a Flossie. Anati: "Gulani zonse, koma zisalowe kwanu. Zibwere kwa ine. Mwambi uja sunanenepo kanthu za nyumba ya mnzako."

Abusa athu anayesapo kulalikira kuti Mkhristu saopa katoni. Ulaliki unali wabwino, tinaomba m'manja. Chaka chotsatira amayi busa ali oyembekezera, katundu wawo analowa kwa a Flossie kudzera khomo la kuseri, abusa atakokera chipewa mpaka m'maso.

Ntchito yeniyeni ya a Flossie ndi unamwino, ku chipatala chachikulu chija cha ku Edgbaston, wodi ya okalamba. Za anazi salandirapo kanthu kupatula Fanta ndi miseche. Pa katoni salembapo dzina, chifukwa munthu wosabadwa alibe dzina. Amang'amba kansalu pa chitenje chakale cha mayi wake n'kumangirira pa katoniyo, ndipo sanasokonezepo. Mwana akabadwa, bambo wake ndi amene amabwera kudzatenga. A Flossie amaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Achira?"

"Achira, Anti."

"Mwana wanji?"

Akamva, amaimba kanthungululu kakang'ono koopa aneba, n'kutsegula pabalaza. Kuchipatala kukaona mwana sapita, ndipo katundu sakaperekera munthu. Amati ntchito yawo imathera pakhomo.

Si mimba zonse zimene zimatha ndi nthungululu. Zachitikapo kuti bambo sanabwere. Zikatero a Flossie safunsa, saimbanso foni. Makatoni a kansalu kameneko amangosowa pabalaza, ena kubwerera kusitolo, ena sitidziwa kumene amapita, ndipo mayi uja akatuluka m'chipatala manja ali lende, kwake sakapezako kabedi komuyang'ana. Amene anadutsa m'zimenezi ndi amene salola kuti munthu anene zoipa za a Flossie, ngakhale zoona.

Pogula zinthuzo amapita nawo okha. Tsiku limene sali pa shifiti mukawapeza m'sitolo za m'tauni, kapena ku kaunjika wa kuno uja wogulitsira m'mabuti a galimoto, kumbuyo kwawo kuli banja lachinyamata likuyenda ngati lapita kokaulula machimo. M'chikwama mwawo simusowa thumba la mpunga. Bambo akaloza chikuku chimene chamusangalatsa, a Flossie amatulutsa mpungawo n'kumuika pamkono.

"Uyu ndi mwana wanu. Basi ya 74 yaima, mvula ikugwa, dalaivala wakwiya kale. Pindani chikukucho ndi dzanja latsalalo."

A Jairos, amene tsopano ndi mkulu wa mpingo, anakana mayesowo. Anati iwo anaphunzira za mainjini, sangayesedwe ndi mpunga. Anakagula okha chikuku chachikulu ngati ngolo, cha matayala a njinga yamoto, ndipo chinakana kulowa pakhomo la nyumba yawo yomwe. Mwana wawo woyamba anakulira kumbuyo kwa amayi ake monga tonsefe, chikuku chikusunga anyezi m'kashedi.

Musaganize kuti a Flossie salakwitsa. Anakangana ndi azamba zaka zambiri pa nkhani ya mabulangete. Kwa iwo mwana wosavala chipewa, masokosi, juzi ziwiri ndi shawelo ndi mwana wamasiye, ngakhale m'nyumba muli moto wa hita. Anagonja mochedwa, ndipo mpaka lero akanyamula khanda amaligwira kuphazi mwakabisira kuti amve ngati lazizidwa. Kamakina komvera kulira kwa mwana uli chipinda china amadana nako. Amati: "Fulati yake iti? Ya chipinda chimodzi ija, imene mukayetsemula aneba amati pepani?"

Koma pali chikuku chimodzi m'nyumba imeneyo chimene sichinayesedwe ndi mpunga, ndipo chilibe kansalu ka munthu. Chimakhala kudenga, kumene amakwerako ndi makwerero. Ine ndinachiona tsiku lina ndikuwathandiza kutsitsa masutikesi. Chabuluu, cha matayala akuluakulu oyera, chokutidwa m'pulasitiki, kapepala ka kusitolo kakadali lende pa chogwirira. Ndinafunsa kuti n'cha ndani. Anati: "Sutikesi yakuda ija ili kumanzere kwanu." Sindinafunsenso, koma mukundidziwa. Pofika Lamlungu ndinali nditaimva yonse kwa anthu atatu, ndipo mbali imene inasowa anadzandiuza eni ake patapita zaka.

A Flossie anabwera kuno mu 2003, nthawi imene anamwino ankachoka ku Blantyre ngati mbalame zothawa chilala. Anasiya mwana wamkazi, Favour, asanayambe n'kuyenda komwe. Anamuletsa kuyamwa mothamanga n'kumusiya ku Chilomoni kwa akulu awo, a Dorothy. Pangano linali loti akapeza nyumba, mwana atsatire. Miyezi ingapo basi.

Atalandira malipiro oyamba sanagule jekete, ngakhale kuzizira kunali kutayamba. Analowa m'sitolo ina m'tauni n'kuloza chikuku chokongola kuposa zonse. Za mwambi sanade nkhawa, poti mwanayo anali atabadwa kale. Kupinda sanadziwe, m'basi chinakana kulowa, ndiye anachikankha wapansi kuchokera m'tauni mpaka ku Handsworth, chopanda munthu. Amati m'njira monse timagogo tachizungu tinkawerama kuti tione khanda, tikapeza mulibe n'kuwayang'ana mwachisoni. Iwo ankangoseka, Chingerezi cha nkhani yaitali chotere chinali chisanabwere.

Bambo wa mwanayo anali Bishop. Linali dzina chabe, kutchalitchi ankapondako pa maliro pokha. Banja linali litatha kale, koma kuti mwana atuluke m'dziko pankafunika iye asaine, ndipo anakana. Sikuti ankamufuna mwanayo, ngakhale sopo sanagulepo. Anangokana, monga amachitira amuna ena akaona kuti chatsala m'manja mwawo ndi cholembera chokha. Chaka chinatha, china n'kutha. Chikuku chinachoka pabalaza kupita kuchipinda, kenako kudenga.

Pamene Bishop anafewa mtima, Favour anali ku pulayimale, mano akutsogolo atagweruka. A Flossie anakwera ndege kukamutenga. Mwana anawalandira bwino, anagwada, analandira nsapato ndi manja awiri. Nsapatozo zinali zazing'ono, monga zinkakhalira nthawi zonse, chifukwa a Flossie ankagula poyang'ana zaka zolembedwa pa bokosi, osati phazi. Tsiku lachitatu mwana anabisala kuseri kwa chitenje cha a Dorothy n'kufunsa mwaulemu kuti: "Anti, mubwerera liti kwanu?"

Anabwerera okha. Sukulu yonse analipira, foni ankaimba Lamlungu lililonse. Favour anakula akudziwa bwinobwino amene anamubereka, palibe anamubisira. Koma amayi anali a Dorothy, ndipo a ku UK anali Anti.

Zaka zingapo zapitazo Favour anabwera kudzachita maphunziro apamwamba ku Coventry, mzinda wa pafupi ndi kuno. Tonse tinati basi, Mulungu wayankha. Koma mtsikanayo anakakhala ku hositelo. Ankabwera ku Handsworth pa Khirisimasi ndi pa Isitala, atanyamula juwisi, n'kukhala m'mphepete mwa mpando ngati wabwera kudzafunsira ntchito. Anakumana ndi Walusungu, mnyamata wa ku Rumphi wa zamakompyuta, wamtali, woseka ndi thupi lonse. Pa ukwati a Dorothy anabwera ndi ndege n'kukhala pa mpando wa mayi wa mkwatibwi. A Flossie ndi amene anagula tikitiyo, ndipo tsiku lonse anali kukhitchini akuyang'anira mapoto. Atatu tinapita kukawakoka kuti akajambulitse, anati mpunga upserera.

Achinyamatawo anapeza fulati ku Foleshill, ku Coventry komweko, pamwamba pa sitolo ya nsalu. Chaka chatha pa msonkhano wa amayi tinaona Favour akukankhira kutali mbale ya nsomba yokazinga, ndipo tinayang'anana. Zotere sanena. Koma aliyense anayamba kuwerengera mumtima kuti pabalaza pa a Flossie pafunika malo. Eni akenso anayamba kusuntha makatoni, kupukuta fumbi pakona ya kuzenera. Anagulanso thumba la mpunga latsopano.

Kenako pa gulu lathu la WhatsApp panagwa uthenga wochokera kwa Favour. Anali atapanga chimene amati registry. Ana a masiku ano amasankhiratu pa intaneti zonse zimene akufuna, iwe n'kungodina chimene ungakwanitse, sitolo n'kukatula yokha kunyumba kwawo. Zinthu zinali zosankhidwa kale, chilichonse ndi chithunzi chake. Pansi pake panalembedwa kumene katundu azikafikira: Foleshill, Coventry.

Gulu limene limakangana ngakhale za mtundu wa maluwa a paguwa linakhala chete tsiku lonse. Ana a anthu onse a m'chigawo chino cha West Midlands katundu wawo anagona kwa a Flossie. Wa mdzukulu wawo yekha ndiye ankapita kwina, ndipo posankha sanaitanidwe.

Mawa lake ndinapita kukabweza poto amene ndinabwereka kalekale. Ndinawapeza kukhitchini atavala yunifolomu, magalasi ali pamphuno, foni ili m'manja.

"Mwaiona, asisi?" ndinafunsa.

"Ndikuiona." Anakankha chithunzi ndi chala. "Kamakina kotenthetsera tinsalu topukutira kumatako. Mwana wake wa ndani, wa mfumu?"

"Ana a lero."

"Shawelo palibe. Ngakhale imodzi." Anapitiriza, akuguguda lilime pa chilichonse, mpaka anafika pa chikuku. Apo anakhala nthawi. Anakuza chithunzi, anawerenga zolembedwa pansi, anaonera kakanema kosonyeza mmene chimapindidwira. Mayi wa m'kanemayo anachipinda ndi dzanja limodzi, mwana ali pamkono.

"N'chabwino," anatero. "Chopepuka. M'basi chilowa, pa masitepe a fulati ija chikwera. Ndikanasankha chomwechi." Anavula magalasi. "Wasankha bwino yekha. Sanafune munthu."

"Muimbireni. Mumuuze kuti katundu abwere kuno monga amachitira onse."

"Ndimuuze monga ndani?"

"Monga mayi ake."

"Mayi ake ali ku Chilomoni. Ine ana a eni ndimawalamula chifukwa sindinawalakwire." Anaimirira n'kuyatsa ketulo. "Poto uja mwatsuka, kapena mwangobweretsa?"

Sabata imeneyo anagula car seat pa registry ija, chinthu chodula kuposa zonse zimene zinatsala. Apa ndi pamene anthu timasiyana maganizo mpaka lero. Pofika pamene sitolo imafunsa kokatula katundu, a Flossie anafufuta za ku Foleshill n'kulemba za kwawo. Iwo amati chinali chizolowezi cha dzanja, zaka zonsezi katundu wa mwana wosabadwa amabwera ku Handsworth, chala chinangoyenda chokha. Ine ndimati chala chimenecho chinali ndi nzeru kuposa mwini wake.

Patapita masabata awiri Favour anaimba foni.

"Anti, registry ikuonetsa kuti car seat munagula ndinu. Thank you so much. Koma delivery sinafike, ndimati mwina ndiwaimbire a shop."

"Usawaimbire. Ili kuno."

"Kumeneko?"

"Inasochera."

Favour anati: "Chabwino. Tibwera Saturday ndi Walu kudzatenga."

Loweruka limenelo ndinapezeka kuti ndili ndi poto wina wobweza. Anafika masana, kunja kukuwaza kamvula kaja kosanyowetsa koma kozizira mpaka m'mafupa. Favour anali atalemedwa, akuyenda dzanja lili m'chiuno. Walusungu anagwira dzanja la a Flossie ndi manja awiri, bondo litapindika.

"Mama, muli uli?"

Iye mayi aliyense wamkulu amamuti Mama, ngakhale wogulitsa matikiti. Komabe a Flossie akamva amawala kumaso ngati apatsidwa mphatso.

Anawakhazika kukhitchini, poti pabalaza mulibe pokhala. Anawapatsa tiyi ndi mandasi. Anakambirana za mvula, za mitengo ya lendi, za mwendo wa a Dorothy umene ukuvutabe. Favour anayankha zonse mwaulemu. Kenako anayang'ana wotchi.

"Anti, car seat ija ili pa sitting room?"

"Ili kumwamba."

"Kuchipinda?"

"Kudenga."

Ine ndinatsamwa ndi tiyi. Katundu wa anthu sapita kudenga. A Flossie anandiyang'ana ndi diso loti mukayankhula poto wachitatu simudzabwereka.

"Pabalaza panadzaza," anatero, ngakhale tonse tinali titaona pakona ya kuzenera pali mbee.

Walusungu anakwera makwerero. Tinamva akusuntha masutikesi, akuyetsemula. Kenako mawu ake anatsika.

"Mama, ndaipeza. Koma yatsamira pa pram inayake. Nayonso ndi yathu?"

A Flossie anayamba kupukuta tebulo limene linali loyera kale.

"Mama?"

"Tsitsani zonse, bambo," ndinatero ine. Wina anayenera kunena.

Anatsitsa movutika, tayala limodzi likukodwa pa makwerero. Anachiimika mumpita, ndipo chinadzaza mpita wonse. Pulasitiki inali itachita chikasu. Walusungu anaivundukula, fumbi n'kubuka, ndipo chikuku chinaoneka, chabuluu, mkati mwake moyera ngati chagulidwa dzulo.

"Eee, iyi ndi ya museum," anatero akuseka. Atacheuka n'kuona nkhope ya mkazi wake, kuseka kunathera panjira.

Favour anali ataimirira pakhomo la khitchini. Anayandikira, anagwira chogwirira, anatembenuza kapepala ka kusitolo kaja.

"N'cha mwana wina," a Flossie anatero ali kumbuyo kwake. "Makalata ake anachedwa."

"Ndikuchidziwa," anatero Favour. "Chili mu album ya amayi ku Chilomoni. Munatumiza chithunzi, inu mutaima pambali pake mutavala sweater yofiira, kumbuyo kuli snow."

"Unachiona chithunzi chimenecho?"

"Amayi ankati iyi ndi galimoto yako, ikukudikira ku UK. Ndinkauza anzanga kusukulu kuti ine ndili ndi galimoto. Wina anandimenya, amati ndine wabodza." Anaseka pang'ono, osayang'ana munthu. "Nditakula ndinamva kuti mumasunga ma pram a ana a anthu. Ndinangoti basi, ija inapita kalekale. Anakweramo ena."

"Sanakweremo munthu."

"Zaka zonsezi?"

"Anapemphapo ambiri. A Jairos anafuna kusinthanitsa ndi ngolo yawo ija."

Favour anachikankha pang'ono. Chinalira ngati chitseko cha kumanda, ndipo labala wa tayala lakutsogolo anathetheka, tizidutswa n'kugwera pa kapeti. Anayang'ana tizidutswato, anayang'ana a Flossie.

"Anti, ndimamva kuti muli ndi mpunga."

"Mpunga?"

"Wa mayeso. Aliyense amanena. Ine ndekha ndi amene sindinauone."

A Flossie anapita kukatenga thumba latsopano lija. Favour analilandira n'kuliika pamkono pa mwamuna wake.

"Walu, uyu ndi mwana wako. Basi yaima. Pinda."

Walusungu anafufuza batani, anakoka apa, anaponda apo, anagwada, mpunga ukutsetsereka. Chikuku chinangoima chilili ngati ng'ombe yokana goli. Pomaliza thumba linagwa pansi.

"Mwana wagwa," ndinatero.

"Anti," anatero Favour, "pram yanu yalephera mayeso."

"Sinapindikepo chigulireni. Ndinachikankha wapansi kuchokera m'tauni."

"Chopanda munthu?"

"Chopanda munthu."

Anaseka onse awiri, ndipo kanali koyamba kuti ndione kuti amaseka mofanana, dzanja pakamwa, mapewa akugwedezeka. Kenako a Flossie anatembenukira kukhoma n'kuyamba kukonza kalendala imene sinapendekeke.

Favour anapukuta m'maso ndi nsonga ya sikafu. "Mwana wanga sindingamuike umu, Anti. Musakhumudwe. Si safe."

"Ndikudziwa. Inenso sindingalole."

Nthawi yonyamuka itakwana, Walusungu ananyamula katoni ya car seat n'kulunjika kukhomo. Favour anali akuvala jekete, mabatani akukana kukumana pamimba.

"Isiye, Walu."

"Tisiye? Tabwerera yomweyi."

"Isiye." Anatembenukira kwa a Flossie, koma maso ali pa mabatani. "Zinazo zinalowa kale m'nyumba, cot tinamanga kale, ndipo sindibweza. Ine za mbereko sindizikhulupirira, amayi anandikalipira kale pa foni mpaka units zinatha. Koma iyi ikhale kuno. Tsikulo Walu adzakhala ndi ine mkati, sangathamangire ku Birmingham. Mudzabwere nayo ndinu."

"Ine katundu sindikaperekera munthu," a Flossie anatero. Pakamwa panangoyankha pokha, monga chala chija.

"Ndamva. Ndiye mwana adzagonera kuchipatala mpaka adzayambe sukulu."

Atapita, a Flossie anakhala pa sitepe yoyamba, moyang'anana ndi chikuku. Anandifunsa ngati ndili ndi chitenje chakale cha Favour. Ndinati ndingachitenge kuti. Anakwera kuchipinda n'kubwera ndi kansalu kofwifwa, kong'ambidwa pa chitenje chimene ankamuberekera ku Chilomoni asananyamuke. Anakamangirira pa katoni ija n'kuiika pakona ya kuzenera.

Masabata otsatirawo tinavutika nawo. Anapempha tchuthi kuntchito nthawi isanakwane, kenako anakachibweza, kenako anakapemphanso. Anagwira a Jairos kuti awaphunzitse kumangirira kampandoko m'galimoto, kumasula, kumangiriranso, mpaka a Jairos anati mpunga uja wabwezera. Ulendo wa ku Coventry anauyeserera: basi mpaka ku siteshoni ya New Street, sitima, kenako basi ina mpaka pageti la chipatala, n'kubwerera. Foni inkagona m'kamisolo. Kutchalitchi ikangonjenjemera ankatuluka pakati pa pemphero, n'kupeza ndi uthenga wa kampani ya magetsi.

Foni yeniyeni inabwera Lachiwiri m'mawa. Anali Walusungu, mawu atasasa.

"Mama, achira."

"Mwana wanji?"

"Wamkazi. Akuti mawa masana atitulutsa."

Aneba amati nthungululu ya tsiku limenelo sinali yoopa munthu.

Mawa lake anakwera sitima kampando kali pamiyendo, atakakumbatira. Anandiuza kuti mayi wina wachizungu amene anakhala moyang'anana nawo anawerama kuti aone khanda, n'kupeza muli shawelo yokha. Anayamba kupanga nkhope yachisoni ija. A Flossie anamuuza m'Chingerezi chimene tsopano ali nacho chokwanira kuti mwana alipo, akukamutenga.

Za m'chipatala ndinazimva kwa Walusungu, amene sadziwa kusunga nkhani, Mulungu amudalitse. Akuti anapeza Favour atakhala pabedi, foni itatsamira pa botolo la madzi, a Dorothy ali pa vidiyo kuchokera ku Chilomoni akulangiza za kasambitsidwe. A Flossie anaima pakhomo la wodi ndi kampando kawo ngati munthu wa delivery. A Dorothy ndi amene anawaona poyamba.

"Flossie, ukuimiranji pamenepo? Lowa umunyamule, ine manja anga safika."

Favour anatembenuza khandalo kuti liyang'ane kukhomo. "Taona," anatero. "Agogo ako abwera ndi galimoto yako."

Anamunyamula. Akuti choyamba anamugwira kuphazi. Kenako anamukhazika m'kampando, anamanga malamba, anayesa ndi chala ngati athina, ndipo mzamba atayang'ana sanapeze chokonza. Shawelo anafunditsa pamwamba mzamba atatembenuka.

Nkhaniyi itafika pa gulu, amayi ena anati palibe chachilendo, pa Chichewa ngakhale mng'ono wa amayi ako mwana wako amamuti agogo, ndiye Favour sananene chilichonse chatsopano. N'zoona. Tinagwirizana kuti amene akawauze a Flossie zimenezo tidzamuchotsa pa gulu.

Favour mpaka lero amati Anti. Amabwera Lamlungu lina, lina osabwera, ndipo akabwera amakhala mpaka kumbuyo kwa mpando, nthawi zina n'kugona pomwepo mwana ali kwa agogo. Chikuku chabuluu sichinabwerere kudenga. Chili mumpita, aliyense wolowa amadutsa chammbali akutukwana mumtima, ndipo mkati mwake muli matewera, mabotolo ndi mashawelo amene sanali pa registry. Pabalaza makatoni ndi odzaza monga kale, chaka chino amayi anayi akudikira. Koma mukadutsa mumsewu muona kuti pakona ya zenera pali mpata. Pamenepo saikapo katoni ya munthu. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi a Flossie sachedwa pa tiyi, amathamangira kwawo n'kukaima pamenepo, chifukwa kuchokera pakona imeneyo msewu umaoneka mpaka pamene galimoto zochokera ku Coventry zimakhotera.